A Mbewe ndi nkhope ya Mayi Eneresi

Mwezi uno patha chaka chiwaikire m'manda a Laimoni Mbewe. Kutchalitchi kwathu ku Tottenham, kuno ku London, sindinamve wina akuwatchula, ndipo mwana wawo Edisoni, amene amakhala ku Wembley, sanaimbe foni. Ine ndikukhalabe m'nyumba imene ankakhala iwo, chipinda changa chili pansi pa chawo, ndiye ndati ndilembe zimene ndinaona. Makolo anga atamwalira ndinaleredwa ndi agogo anga ku Ntcheu, ndipo mwana wokulira m'nyumba ya nkhalamba amazolowera kukhala phee n'kumayang'ana. Luso langa ndi lomwelo.

Pamaliro awo tinalipo ochepa, moti bokosi ananyamula ndi anthu a kampani ya maliro, azungu ovala magolovesi. Kuno Mmalawi akamwalira nyumba imadzaza mpaka pamasitepe. Anamwino amabwera ndi yunifomu kuchokera ku shifiti, amayi amaimba mpaka aneba kugogoda khoma. A Mbewe sanawachitire zimenezo, ndipo chifukwa chake chinali utoto.

Munthuyu ankafuna chinthu chimodzi chokha: kujambula nkhope ya akazi awo, Mayi Eneresi, maso awo asanafe. Zina zonse, kudya, kugona, mikangano, zinkazungulira pamenepo.

Anabadwira pafamu ya fodya ku Zimbabwe, kwa makolo ochokera ku Dedza, ndipo Chichewa chawo chinali cha anthu amene anachoka kumudzi kalekale n'kuchisunga monga anachitengera. Ku Harare ankalemba zikwangwani za masitolo ndi kujambula mitu ya anthu pamakoma a ometa tsitsi. Ku London anabwera mu 2001 kudzaona Edisoni, poganiza kuti akhala miyezi yowerengeka. Ali kuno, kwawo kunasokonekera. Ku Zimbabwe anati anthu a makolo obwera si nzika, ku Malawi sanapondeko chibadwire, pasipoti nayo inatha. Mayi Eneresi anamwalira mu 2003, ndipo maliro awo a Mbewe anawamvera pafoni ya khadi. Khadilo linatha nyimbo ili pakati.

Chithunzi cha mayiwo anali nacho chimodzi, kakang'ono ka pachiphaso. Ndinakaona. Wojambulayo anakawononga: nkhope yonse inali chigamba chakuda, maso awiri oyera ali pamenepo, basi. Zithunzi zina zinatayika pamene kanyumba kawo ka ku Harare kanagwetsedwa.

Kwa Edisoni sanakhalitse. Mpongozi wawo anadandaula za madontho a utoto pakapeti, iwo n'kuyankha kuti kapetiyo yayamba kuoneka bwino, ndipo sabata yotsatira anasamukira m'kachipinda ka pansi pa denga kwa Mayi Zulu, a ku Lusaka, amene amatichititsa lendi tonsefe. Awiriwa ankatukanana tsiku ndi tsiku ngati anthu a chisuweni.

"Ba Mbewe, imwe!" Mayi Zulu ankakuwa ali pansi pa masitepe. "Nyumba yanga yanunkha monga garaji. Manje ma tenanti azathawa!"

"Amene anapirira fungo la kapenta wanu sangathawe mafuta anga, mayi," iwo ankayankha osatsegula n'chitseko chomwe.

"Chikamwa! Ndiye chifukwa mulibe mazino."

Koma madzulo mbale ya kapenta yemweyo inkakwera masitepe, n'kutsika yopukutidwa.

Lachitatu lililonse ankavala jekete ndi chipewa n'kukwera basi kupita kunyumba yaikulu ya zithunzi ya pakati pa mzinda, kumene munthu amalowa ulere. Ndikakhala pa ofu ndinkawaperekeza. Zithunzi za nyanja, za nkhondo ndi za angelo ankazidutsa ngati akudutsa pamsika wa zinthu zimene sakugula. Ankalunjika kuzipinda za nkhope, za anthu amene anakhalako zaka mazana anayi kapena asanu zapitazo: amalonda, ansembe, akazi a mafumu, onse atakhala mumdima ndipo kuwala kukuwagwera mbali imodzi. Kumeneko ankavula chipewa.

Panali mayi wina wa kolala yoyera yopindikapindika, yaikulu ngati lichero. Ankandiimika patsogolo pake n'kundiuza kuti ndisiye kolalayo, ndiyang'ane pansi pa chibwano. Ndinaona kuti kuyera kwa nsalu kwakwera pakhungu. Pa mwamuna wina wa malaya ofiira, kufiirako kunafika mpaka kunsi kwa khutu. Ankati nkhope ilibe mtundu wakewake, imabwereka kwa chilichonse chimene yayandikana nacho, ngati mmene mkazi wokwatiwa amatengera kalankhulidwe ka mudzi wa mwamuna wake. Pa chithunzi china chakale kwambiri, patsaya pamene utoto unaperepeseka ndi zaka, panatulukira kubiriwira. Apa m'pamene ankakondwa. Anandifotokozera kuti akalewo ankayamba nkhope ndi utoto wobiriwira kapena wotuwa, n'kuusiya uume, kenako n'kumapaka kufiira ndi chikasu pamwamba pake mopyapyala, kambirimbiri, mpaka magazi ataoneka ngati akuyenda pansi pa khungu. Kufiira kopakidwa pathabwa loyera, ankatero, kumangokhala penti wa chitseko.

M'zipinda zonsezo munalibe woseka. Ndinawafunsa ngati anthu akale anali okwiya. Anati ayi, koma munthu akaonetsa mano pachithunzi ndiye kuti wakutsekera kunja. Akalewo ankaika munthu yense pamalo pang'onong'ono, pakona ya mlomo, kapena pachikope chimodzi chimene chatsika kuposa chinzake. Ankatambasula dzanja ali chapatali n'kubisa theka la nkhope ya wansembe wina, ine n'kuona munthu woleza mtima. Akabisa theka linalo ndinkaona munthu amene sanakhululukire mbale wake.

Anthu akuda analimo m'zithunzizo, koma m'mphepete. Kamwana kogwira galu, kapena konyamula mbale ya zipatso, kakuyang'ana dona m'mwamba. Pamenepo a Mbewe ankaima nthawi yaitali, nsagwada zikuyenda. Ankati ojambula akalewo ankadziwa mitundu yosawerengeka ya tsaya la mzungu, koma akafika pa ife ambiri a iwo ankaviika burashi mumphika umodzi. Aphunzitsi awowo anawaonetsa njira n'kuwasiya pamphambano, ankatero, ndipo kuchokera pamenepo anayenera kuyenda okha.

N'chifukwa chake ankapanga okha utoto wina. Bulauni wa m'sitolo ankati ndi wa mipando. Aliyense wopita kumudzi ankamupempha kuti awabweretsere katondo m'kabotolo. Utoto wakuda ankaupeza potentha mafupa a nkhuku m'chitini kuseri kwa nyumba, n'kuwapera pagalasi, chifukwa kuda kwa mafupa ankati n'kofunda kuposa kwa makala. Zina ankasakaniza ndi chikasu cha dzira, zina ndi mafuta. Ankalimbikira kunena kuti pankhope ya munthu wakuda palibe pamene pali pakuda. Pachipumi pali buluu wa kumwamba, m'masaya muli kufiira, pansi pa maso pali mtundu wa nthudza yakupsa.

Koma zimenezi sankazipeza m'mutu. Ankafuna khungu lamoyo patsogolo pawo, ndipo kuwala kwa kuno ankakudandaula kuti kulibe mafuta. Zaka zoyambirira amayi a kutchalitchi ankabwera kudzakhala pampando wawo, iwo n'kumawapatsa tizithunzi tating'ono. Panalibe amene ankachoka wokondwa.

"Agogo, mundiyeretseko pang'ono. Chithunzichi chikupita kwa apongozi."

"Apongozi anuwo anakuonani kale, mayi."

"Nanga bwanji mwandijambula ngati ndaluza ntchito? Ine ndimaseka, funsani aliyense."

"Mwasekadi polowa. Mutakhala pansi munayamba kuganiza za ana anu. Ine ndajambula amene anakhala pansiwo."

Ine ndinkakhala pampandowo kuposa wina aliyense, chifukwa sindigwedezeka. Koma ndine woyererako, komanso ndinali wamng'ono kwa mayi amene ankawafunawo. Ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Iwe Naphiri, khungu lako ndi la m'mawa. La agogo ako Eneresi linali la madzulo." Ankandigwiritsa ntchito poyeserera milomo ndi kakhalidwe ka khosi. Ndikakhala choncho ankandiuza za mayiwo. Sankaseka wambawamba. Akakwiya sankalankhula, ankangokweza nsidze imodzi, ana onse n'kuthawira panja. Anali ndi kachipsera ka mafuta otentha pansi pa diso. Ndinazindikira, ngakhale sindinanene, kuti tsiku lina kachipserako kankakhala kumanzere, tsiku lina kumanja.

Thabwa limene ankajambulapo Mayi Eneresi linali lalikulu kuposa ena onse. Duku, makutu, khosi ndi bulauzi ya buluu anamaliza kalekale. Pankhope ankapaka n'kupala ndi mpeni, kupaka n'kupala.

Khungu lamadzulolo analipeza pa Mayi Chirwa, namwino wa ku Peckham amene ankatsogolera amayi a kutchalitchi kwathu. Lamulungu lina mayiwa anakhala pafupi ndi zenera, ndipo a Mbewe sanamve ulaliki. Potuluka anandigwira pamkono n'kunong'ona kuti, "Ndi lomwelija." Koma Mayi Chirwa anali munthu woopedwa, wapabanja, ndipo nkhalambayo inasowa poyambira.

Mu 2006 mng'ono wawo wa Mayi Chirwa, Joyisi, amenenso anali namwino, anamwalira mwadzidzidzi. Mtembo unapita kumudzi pandege. Patapita miyezi, Mayi Chirwa anakwera okha masitepe athu kudzapempha chithunzi cha malemuwo, choti chidzaikidwe kutsogolo pamapemphero okumbukira chaka chikatha. A Mbewe ankamudziwa Joyisi, anakhalapo pampando wawo. Anavomera, n'kunena kuti malipiro ake ndi akuti Mayi Chirwa adzakhale pampandowo masana angapo. Anafotokoza chifukwa chake. Mayiwo anaseka, kuseka kumene sindinakumvepo.

"Bola abambo akunyumba asamve kuti pali mwamuna wina akundiyang'anitsitsa. Chabwino, agogo. Mukamaliza Joyisi, ndibwera."

A Mbewe anawapemphanso duku la malemuwo kuti aonere mtundu wake, ndipo anawapatsa.

Masabata amenewo a Mbewe anali ngati mnyamata. Ankaimba posamba. Anauza Mayi Zulu kuti kapenta wawo wayamba kukoma, Mayi Zulu n'kufunsa ngati akudwala.

Loweruka lina masana, Mayi Chirwa ndi amayi ena awiri anabwera osanena, atanyamula mpunga ndi nkhuku kuti adzachezere nkhalamba. A Mbewe anali atapita kukagula mazira. Mayi Zulu anawauza kuti akwere akadikire m'chipinda. Ine ndinali kwanga ndikusita yunifomu pamene ndinamva mbale ikugwa pamwamba panga, kenako mfuu.

Nditafika, ndinaona chipindacho ndi maso awo, ngakhale ndinkachidziwa. Thabwa la Joyisi linali patebulo, lotsamira khoma. Nkhope inali yakedi, aliyense akanamuzindikira, koma inali yobiriwira motuwa, milomo yotumbuluka, m'maso mopanda kanthu chifukwa maso ankawaika pomaliza. Duku lake linali pamsomali pamwamba pake. Pambali panali chitini cha mafupa opsa, kabotolo ka dothi lofiira, zikamba za mazira ndi mpeni.

"Mayo ine! Joyisi! Amutani mwana wa amayi anga?"

"Dothi ili ndi la kumanda," anatero mmodzi mwa amayi aja. "Ndithu. Taonani mafupa."

Ndinati, "Mayi, ameneyo ndi katondo wa utoto. Mafupawo ndi a nkhuku, ndinadya nawo."

"Mwamva? Anamudyetsa kale. Khala chete iwe."

Pamenepo a Mbewe anafika, akupuma movutika ndi masitepe, jumbo ya mazira ili m'manja. Anavula chipewa.

"Takulandirani, amayi. Koma mwafulumira, chithunzichi sichinathe. Umu ndi mmene amayambira. Pakauma ndipaka kufiira pamwamba, pang'onopang'ono. Mubwere mwezi wamawa, mudzamupeza monga munkamudziwira."

"Amayambira ndani?" anafunsa Mayi Chirwa.

"Akatswiri akale. Tiyeni Lachitatu ndikakuonetseni, basi yake ndi imodzi."

Mayi Chirwa anali atasiya kulira. Analankhula motsitsa mawu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa mfuu ija.

"Bambo, ine ndasambitsa mitembo kuntchito zaka zambiri. Mtundu uwu ndimaudziwa. Ndi wa munthu amene wapezeka atagona masiku m'nyumba yekha. Mng'ono wanga ndinamusambitsa ndekha, ndinamudzoza mafuta, anapita kwawo ali wokongola. Inu mwakhala naye muno masabata onsewa ali chonchi, mukudya, mukugona, iye akukuyang'anani. Kaya ndi luso, kaya n'chiyani, sindifuna kudziwa."

Anachotsa duku pamsomali. Thabwalo analikulunga m'chitenje, utoto usanaume, n'kulinyamula pachifuwa ngati mwana. A Mbewe anawatsatira mpaka pakhomo la panja, mazira ali m'manja, akubwereza kuti angowapatsa mwezi umodzi. Za pangano lija sanatchule. Ankadziwa kale kuti lathera pomwepo.

Nkhani inafika ku Peckham amayiwo asanatsike basi. Pofika Lamulungu inali itabala ana. Ena anati a Mbewe anamusandutsa Joyisi ndondocha, ndipo akumugwiritsa ntchito yokolopa m'maofesi iwo n'kumalandira malipiro ake. Ena anakumbukira kuti amayi awiri amene anawajambulapo anakanizidwa mapepala okhalira m'dziko muno. Amene anali ndi tizithunzi tawo anatitaya m'bini. Abusa anawaitana n'kuwapempha mofatsa kuti abweretse zitini ndi mabotolo awo kutchalitchi, aziwotche pamaso pa mpingo, nkhani ithe. A Mbewe anayankha kuti mafupawo anapsa kale. Abusa sanaseke.

Anapitabe kutchalitchi kwa kanthawi. Benchi imene ankakhala inkatsala yopanda anthu, ine ndekha kumapeto kwake, ndipo amayi ankakoka ana awo akamadutsa. Kenako anasiya. Tsiku lina ananyamula chithunzi chomalizidwa cha mayi wina n'kupita nacho ku Peckham kuti Mayi Chirwa aone mmene chimathera. Anandiuza kuti katani inagwedezeka koma chitseko sichinatseguke.

Sindiwaweruza Mayi Chirwa. Inenso ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo mtundu umene ankanenawo ndinauonapo. Unali womwewo.

Kuyambira pamenepo palibe mayi amene anakhalanso pampando wawo kupatula ine. Anapempha Mayi Zulu, amene khungu lawo linali loderako, koma iwo anayankha ali cham'mbali, "Ba Mbewe, ine nili na bana. Sinikamba kuti ndimwe mfiti, koma nili na bana." Mbale ya chakudya inapitiriza kukwera masitepe, koma ankaisiya pakhomo. Kutukanana kuja kunatha, ndipo nyumba inakhala chete ngati chipatala.

A Mbewe anayamba kumakwera mabasi opanda kopita, n'kumakhala moyang'anizana ndi amayi achikulire akuda, Anaijeriya, Aghana, a ku Jamaica, kuti abe ndi maso mtundu wa chipumi. Mayi wina anawakalipira basi yonse ikumva, dalaivala n'kuwatsitsa. Anabwera akuseka, koma anakhala masiku osatuluka.

Nthawi yomweyo matenda a shuga anafika m'maso. Kuchipatala anachita zimene akanatha. Choyamba kuchoka chinali buluu. Kenako anati chilichonse akuchiona ngati kudzera m'kapu ya tiyi. Ulendo womaliza umene tinapita kunyumba ya zithunzi, anayandikira kwambiri mayi wa kolala uja mpaka mlonda anawapempha kuti abwerere m'mbuyo. Anabwerera, anaima pang'ono, n'kuvala chipewa tikadali m'chipindamo. Sanapitekonso.

Ankandiitana ndikaweruka kuti ndiwauze mitundu. "Uwu ndi uti, Naphiri?" Ndinkawauza. "Nanga uwu?" Ndinkawauzanso. Nthawi zina ankakana, n'kunena kuti maso a ana a masiku ano anawonongeka ndi TV, koma ankapaka umene ndanenawo. Munthu amene ankadikira masabata kuti utoto uume anayamba kupaka pamwamba pa wauwisi. Mphuno yawo inkatsala pang'ono kukhudza thabwa. Masana a nyengo yozizira ndi aafupi, ndipo ankakana kujambula ndi magetsi, ndiye kukayamba kuda ankatukwana dzuwa m'Chishona.

Kumayambiriro kwa 2008 anandiuza kuti amaliza. Anameta ndevu, anavala jekete, n'kundipempha kuti ndimuimbire Edisoni. Edisoni anabwera Lamulungu masana, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndinafuna kutuluka koma a Mbewe anati ndikhale. Anachotsa nsalu pathabwa.

"Tayang'ana amayi ako."

Chinali chithunzi chabwino kuposa zonse zimene anajambulapo. Mayi wachikulire, wovala duku, mdima uli kumbuyo kwake, buluu wa bulauzi atakwera pansi pa chibwano. Khungu linali lamoyo. Nsidze imodzi inali yokwera pang'ono. Edisoni anayang'ana nthawi yaitali. Foni inalira m'thumba mwake, sanaiyankhe.

"Chithunzi n'chokongola, baba."

"Sindinafunse zimenezo."

Edisoni anapukusa mutu. "Awa si amayi."

A Mbewe sanakwiye. Anatenga burashi patebulo, mofulumira, ngati munthu amene ankayembekezera zimenezo.

"Pati? Nena. Chipumi? Mphuno? Kunja kukadawala, ndikonza pompano."

Edisoni anakweza chala. Anachilozetsa kumaso, anachitsitsira kukamwa, anachibwezera kutsaya, kenako anachitsitsa.

"Sindikudziwa, baba. Ndikungodziwa kuti si iwo."

"Unayamwa bere lawo iwe. Yang'ananso."

"Ndayang'ana. Ndikatseka maso ndimamva mawu awo. Nkhope siibwera."

"Nanga chipsera? Chinali mbali iti?"

Edisoni anatembenuka kuwayang'ana. "Chipsera chake chiti?"

Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndipo pamene Edisoni ananena kuti si amayi ake, ndinayamba kuona zimene ndinali ndisanaone. Milomoyo inali yanga. Chipumi chinali cha Mayi Chirwa monga chinkaonekera chapatali, pazenera la kutchalitchi. Chikope chotsika chinali cha mayi wa kolala uja. Munalinso ena amene sindinawadziwe, mwina a m'mabasi.

A Mbewe anabwezera burashi patebulo. Anafunsa Edisoni za ana, za ntchito, ngati galimoto ikuyenda bwino. Anamuperekeza mpaka pamasitepe. Madzulo amenewo anatsuka maburashi onse ndi sopo, limodzilimodzi, n'kuwaimika m'chitini tsitsi lili m'mwamba. Sanawagwirenso.

Miyezi yotsalayo ankangokhala pabedi, wayilesi ikulankhula Chingerezi chimene sankachimvetsera. Ndikawabweretsera tiyi ankathokoza ngati mlendo. Mayi Zulu, atamva kwa ine zimene zinachitika, anakwera masitepe n'kuima pakhomo, n'kuwauza kuti chipinda chanunkha monga garaji. Iwo anati pepani mayi. Mayi Zulu anatsika akulira.

Anamwalira m'chipatala mitengo itayamba kuphuka. Panalibe dziko loti mtembo upiteko, ndiye anaikidwa kuno, kumanda a kumpoto kwa mzinda, pakati pa anthu a mayina amene sakanatha kuwatchula. Edisoni anatenga jekete, wayilesi ndi kachithunzi ka pachiphaso kaja. Thabwa anati sangapachike m'nyumba mwake munthu amene sakumudziwa.

Chipindacho sichinapeze munthu mpaka lero. Amalawi ndi Azambia akangomva kuti ndi chija cha a Mbewe, amati aganize kaye. Kunabwera mnyamata wina wa ku Ghana, anagunda mutu kudenga lotsetserekalo, sanabwererenso. Mayi Zulu amati mawondo awo sakufunanso masitepe, ndiye amene amakwera kukatsegula zenera ndi ine.

Matiresi anatayidwa, patsala zitsulo za bedi. Tebulo anatsitsira kukhitchini. Pansi, pamene inachotsedwa kapeti, matabwa ali ndi madontho ofiira ndi achikasu amene akutha ndi fumbi, ndipo pakona pali nkhungu imene ikukula kuchokera pamene denga limadontha. Fungo la mafuta linatha m'nyengo yozizira yapitayi. Tsopano mumanunkha chinyezi, ngati chipinda china chilichonse cha ku Tottenham chimene simugona munthu. Nkhunda zimayenda pamwamba pa zenera, ndipo pansi pamamveka mabasi akuima ndi kunyamuka.

Thabwalo lili pansi, lotsamira khoma, chifukwa Mayi Zulu safuna kuligwira ndipo ine ndilibe poliika. Masana dzuwa likatuluka, kuwala kumalowa kwa kanthawi, kumafika pachibwano, n'kubwerera. Mayiyo amayang'ana kukhomo, pakamwa potseka, nsidze imodzi itakwera. Mu London monse mulibe munthu amene angamutchule dzina.